Mikanda ya nsomba ku Lichenya

Ambiri akakwera phiri la Mulanje maso amakhala ku Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002. Ife tinapita kukagwada m'mitsinje n'kumagubuduza miyala. Mwini ulendo anali alamu anga, amene anaphunzira kuwedza nsomba ya trout ku Zomba, ndipo chiyambire pamenepo safunanso kumva za nyongolotsi.

Tinakwera minibasi ku Limbe, kudzera msewu wa Midima, n'kutsikira pa Chitakale. Pamsika tinagula nanazi, kenako alamu anaima pa mayi wina wogulitsa mikanda yagalasi n'kuyamba kusankha yobiriwira ing'onoing'ono. Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, imeneyi ndi ya amayi akunyumba?"

"Ayi mayi, ndi ya nsomba."

Kuseka kwake, mpaka anzawo a pamabenchi ena anabwera kudzamva.

Ku Likhubula tinalipira polowera, tinapeza wotiperekeza, n'kuyamba chitunda chopita ku Lichenya, pamwamba pa phiri. Za chitundacho ndingoti mawondo anandiuza zaka zanga. Chimene chinandiwawa koposa ndi zitsa za mkungudza m'malo amene kale munali nkhalango.

Trout si nsomba yakwathu. Mtundu wa rainbow kwawo n'kumadzulo kwa North America, ndipo atsamunda anaubweretsa kuno mu 1906 kuti aziwedza pocheza. Imafuna madzi ozizira, oyera, othamanga, n'chifukwa chake anaiika m'mitsinje ya pamwamba pa mapiri monga Zomba, Nyika ndi Mulanje. Mu Shire kapena m'nyanja ya Chilwa singakhalitse. Koma chakudya chake ndi cha konkuno, ndipo n'chimene alamu ankafuna ndione ndi maso anga asanatulutse mbedza ngakhale imodzi.

Tolani mwala mumtsinje, muutembenuze. Pansi pake mupeza timachubu tamchenga tomatirira, tina tophatikiza ndi tizinyalala ta masamba. Mukatsegula kamodzi, mkatimo muli kambozi kofewa, kamutu kakuda, miyendo isanu ndi umodzi kutsogolo. Kameneko ndi kachilombo kotchedwa caddis kali mwana. Kanyumbako amamanga yekha ndi ulusi wotuluka kukamwa kwake. Akakhwima amadzitsekera, kenako n'kuboola, kusambira kupita pamwamba pa madzi n'kuuluka ali ndi mapiko ofunda msana. Nthawi yosambirayo ndi imene trout imamudya mosavuta, poti alibenso pobisala. Wotiperekeza uja ankatidziwa bwino tizilomboti, anakula akusewera nato, koma zoti munthu wamkulu n'kukwera phiri kudzationa zinamudabwitsa.

Usiku m'nyumba ya alendo ku Lichenya, moto ukuyaka, alamu anayala patebulo zipangizo zopangira nyambo yooneka ngati caddis, ine nditagwira tochi. Mbedza inali nambala 14. Pa mbedza, nambala ikamakula mbedzayo imachepa, choncho iyi ndi yaing'ono kuposa zimene timawedzera mlamba. Anapinda kamnga kake ndi pulayala kuti mikanda ilowe bwino komanso kuti nsomba isavulale poibweza m'madzi. Anayamba kulowetsa mkanda wachitsulo, wa mamilimita pafupifupi atatu, mpaka unakagunda kudiso la mbedza. Umenewo ndi mutu, komanso ndiwo umamiza nyambo. Pambuyo pake anatunga mikanda ya pa Chitakale inayi kukhala thupi, n'kukulunga ulusi kumbuyo kwake kuti isapulumuke, n'kudonthezapo polishi wa zikhadabo.

Chotsala chinali pakhosi. Anapota ubweya wa kalulu pa ulusi, pang'ono chabe, n'kuzunguliza pakati pa mutu ndi thupi. Kenako nthenga ya nkhwali, yamawangamawanga, kuizunguliza kamodzi kokha kuti tinsonga take tiloze kumbuyo. M'madzi tinsongati timagwedera, nsomba n'kumaona ngati miyendo. Kamodzi kokha, anatero alamu, chifukwa ukachulutsa nthenga nyambo imayandama ndipo umakhala wamanga tsache.

Apa tinatsutsana. Pamutu pa nyambo alamu amakonda mikanda ya chitsulo cha tungsten yoitanitsa kunja, poti imalemera pafupifupi kawiri kuposa yamkuwa ya kukula komweko, ndiye imafika pansi msanga pamene madzi akuthamanga. Zoona. Koma mitsinje ya pamwambapa ndi yosaya m'malo ambiri, miyala ili paliponse, ndipo nyambo yolemera imangokodwa. Ine ndinaima ndi yagalasi. Imamira pang'onopang'ono, imawala dzuwa likaimenya monga amachitira caddis weniweni pokwera, ndipo ikatsalira pamwala sulira nayo, popeza kapaketi kamodzi ka pamsika n'kokwana nyambo zambirimbiri.

M'mawa kunali chiperoni, zala zosafuna kupinda. Kaponyedwe kake n'kosiyana ndi kathu kokhala pagombe kudikira. Umaponya kumtunda kwa madzi, n'kuisiya nyambo itsike yokha ndi liwiro la mtsinje, chingwe chisaikoke. Ikafika kumunsi umakweza ndodo pang'onopang'ono kuti ioneke ngati kachilombo kakuthawira pamwamba. Umayenda chowerama, chifukwa m'madzi oyera chonchi nsomba imayamba ndiyo kukuona.

Tinayenda maiwe ambiri osagwira kanthu. Wotiperekeza anati nsomba zinachepa, ndipo anatchula anthu othira katupe ndi okokolola ndi masikito. Alamu anadandaula kwambiri. Ine pang'ono chabe, pakuti trout imadyanso ana a achule ndi tizilombo tina timene tinali m'mitsinjeyi isanabwere, ndipo sindingakondwe kumva kuti aithiranso paliponse.

Dzuwa litatuluka chingwe cha alamu chinalimba padziwe lina lakuya. Anafuula kuti ndibwere ndi kaneti. Chimene chinatuluka ndi nkhanu, itakanirira nyambo ya tungsten ndi dzanja limodzi.

"Achimwene, musaibweze imeneyo," anatero wotiperekeza, akutsegula kale jumbo. "Ndiwo zapezeka."