Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mtima wa amayi utatopa

M'gawo lapitali ndinasiyira pamene amayi anayamba kugona chokhala. Akati agone chagada mpweya unkawathera, ndipo miyendo inatupa moti ukadinikiza ndi chala, kadzenje kankatsala pompo. Iwo ankangoti, "Ndi ukalamba uwu mwana wanga, usadzivute." Tinapitabe kuchipatala.

Atawaunika mtima, adokotala anandiitanira pambali. Anati mtima wabwino ukagunda kamodzi umakankha magazi opitirira theka la amene ali m'chipinda chake chachikulu chakumanzere, koma wa amayi unkangokankha gawo limodzi mwa magawo atatu. "Mnofu wake watopa," anatero. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Manyazi anandigwira, pakuti ndakhala mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo zaka zambiri. Ndinkalemba pa bolodi kuti mitochondria ndi tizigawo ta selo topanga mphamvu, ana n'kuloweza, nkhani n'kuthera pomwepo. Usiku umenewo, amayi ali mtulo, ndinakhala pambali pa bedi n'kuyamba kuwerenga pa foni ngati mwana wasukulu.

Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Kuti ukwanitse zimenezi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo iliyonse ya mnofu wake ndi mitochondria okhaokha. Koma chimene chinandithetsa tulo ndi ichi: maselo a mtima sasinthidwa msanga ngati a khungu. Ofufuza a ku Karolinska Institutet, ku Sweden, anapeza mu 2009 kuti munthu akakhala ndi zaka 25, maselo a mnofu wa mtima amene amasinthidwa pa chaka ndi pafupifupi selo imodzi pa 100 aliwonse, ndipo pofika zaka 75 liwirolo limakhala litatsika ndi theka. Ndinawayang'ana amayi akupuma pang'onopang'ono. Ambiri mwa maselo amene ankagunda m'chifuwamo ndi omwe aja anabadwa nawo.

Selo yosasinthika iyenera kudzikonza yokha mkatimo. Mitochondria akamagwira ntchito amadziwononganso, chifukwa popanga mphamvu pamatuluka timamolekyulu ta okosijeni tomwe timawadya pang'onopang'ono. Wowonongeka pang'ono amalumikizana ndi mnzake wabwino kuti agawane zipangizo. Wowonongeka kwambiri amadulidwa ndi puloteni yotchedwa DRP1, mbali yoipayo n'kupatulidwa. Pamenepo puloteni ina yotchedwa PINK1 imaunjikana pamwamba pake n'kuitana inzake yotchedwa Parkin, imene imaiika chizindikiro choti itayidwe. Selo imaikulunga m'kathumba n'kuigaya. Akatswiri amati mitophagy. Munthu akamakalamba ntchito yosesayi imachita ulesi, owonongeka amachuluka, atsopano amachepa, ndipo zotsalira zofiirira zotchedwa lipofuscin zimaunjikana m'maselo. Mawu a adokotala aja ndinawamvetsa cha m'ma 3 koloko m'bandakucha.

Apa ndiulule cholakwa changa. Titabwerera kunyumba ndinawaletsa amayi chilichonse. Ngakhale kapu yamadzi ndinkawatengera ndine, ndikuyesa ndikuwasungira mphamvu. Tsiku lokawaonanso, adokotala anandidzudzula. Anati mankhwala amwe ndithu mosadumphitsa, koma popeza kutupa kwatsika, aziyendako pang'ono tsiku lililonse, n'kupuma akayamba kubanika. Mnofu wongokhala umafookeratu. Ukamagwira ntchito m'pamene maselo ake amapanga mitochondria atsopano.

Tinayamba ndi masitepe owerengeka, atandigwira mkono. Tsiku lina tili pakati pa kuyenda ndinawauza zimene ndinawerenga, kuti mitochondria ali ndi DNA yawoyawo, ya majini (malangizo a chibadwa) 37, ndipo munthu amailandira kwa mayi ake okha.

"Amayi, ndiye kuti mphamvu yonse ili mwa inemu inachokera kwa inu."

Anaima, n'kupuma kaye, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nanga bambo ako anakupatsa chiyani? Mphuno yokhayo?"

Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuchita mantha, iwo n'kundikoka mkono kuti tipitirire mpaka pachitseko.