Lachinayi ku Nashville

Ndinadzuka ndi cholinga chimodzi basi, kukaona Meharry, sukulu ya udokotala ya ku America kumene Kamuzu anatsiriza maphunziro mu 1937. Achimwene anandisiya pageti popita kuntchito. "Ukatha uwoloke msewu ukaonenso yunivesite ya Fisk, usamangojambula zikwangwani," anatero. Ndinawoloka mongowamvera, koma dzuwa landilowera komweko.

M'nyumba ya Cravath, imene inamangidwa mu 1930 kuti ikhale laibulale, khosi linachita kuwawa poyang'ana zojambula za Aaron Douglas, katswiri wojambula wakuda, m'makoma. Nditafunsa amene ankayendetsa yunivesiteyi nthawi imeneyo, ndinamva dzina lachilendo: Thomas Elsa Jones. Mzungu wa ku Indiana, wobadwa mu 1888, wa mpingo wa ma Quaker, aja amadzitcha Abwenzi, okana kugwira mfuti.

Nditamva kuti anali mmishonale, ine maganizo anathamangira kwathu, kwa azungu a zipewa zazikulu aja. Ayi ndithu. Uyu anapita ku Japan mu 1917, n'kumaphunzitsa pa yunivesite ya Keio ku Tokyo. Ku Fisk anafika mu 1926 moto usanazime bwino. Ophunzira anali atanyanyala makalasi mu 1925 potopa ndi malamulo okhwima a Fayette McKenzie, yemwe ankatsogolera sukuluyi, mpaka mkuluyo anatula pansi udindo. Kulowa m'nyumba yotere kumafuna munthu wodziwa kukhala chete n'kumamvetsera, ndipo kumeneko ma Quaker ndiye kwawo.

Chandikhala pamtima n'chakuti Fisk ndi sukulu ya anthu akuda, inayamba mu 1866, koma Jones atachoka mu 1946 m'pamene mpando unapita kwa munthu wakuda koyamba, Charles S. Johnson. Zaka 80! Jones ndimuyamike pa laibulale ija, komanso poti Johnson anabwera kudzaphunzitsa mu 1928 iye ali pampando. Komabe zaka 20 nzambiri, bambo.

Jones anabwerera ku Earlham College ku Indiana, kumene anaphunzira ali mnyamata, n'kuitsogolera mpaka 1958.

Podikira basi ndimangoyang'ana kamsewu kaja. Zaka zimene Kamuzu ankaweramira mabuku ku Meharry, Jones anali tsidya linalo. Foni inazima ndisanajambule Jubilee Hall, nyumba yakale yotchuka ya pa Fisk. Pofika kunyumba ndinapeza alamu atavundikira nsima, yazizira kale.