Mama G wa m'foni mwanga

Aliyense amene anaonerapo mafilimu a ku Nigeria amamudziwa Patience Ozokwor, yemwe ambiri amangomuti Mama G. Mayiyu ndi wa ku Enugu, anabadwa mu 1958, ndipo asanatchuke m'mafilimu ankagwira ntchito pa wailesi. Koma chomwe tonse timamudziwira ndi chimodzi: kusewera ngati apongozi ankhanza, aja othamangitsa mkazi wa mwana wawo kapena kupita kwa sing'anga usiku. Akangotong'ola maso, banja latha.

Ndiye apongozi anga atandinena kuti nsima yanga ndi yosapsa, ndinalowa kuchipinda n'kusintha dzina lawo m'foni. Ndinalemba "Mama G", n'kuikapo ndi chithunzi cha Ozokwor atavala duku lalikulu, nkhope ili gwaa. Mtima unaphwa, nkhani ndinaiiwala.

Chaka chatha anabwera kudzacheza kwathu ku Ndirande. Tsiku lina m'mawa foni yawo inasowa.

"Mwananga, tabwereka yako ndiziimbire."

Ndinali ndi sopo m'manja, ndinangoti, "Ili pampandopo amayi." Nambala yawo amaidziwa pamtima. Atamaliza kudina, Mama G uja anatulukira, kudzaza foni yonse.

Ndinamva kuti zii. Foni yawo ikulira pansi pa khushoni, iwo osaitola.

"Ameneyu si mayi uja anathira mankhwala m'chakudya cha mpongozi wake?"

Tsoka lake, apongozi anga mafilimu amenewa anawaonera onse, omasuliridwa m'Chichewa aja, ndipo sasowa pa vidiyo ya pamsika kwawo. Sindikanawanamiza kuti ndi woimba wa kwaya.

Ndinagwada, sopo akuchucha. "Amayi, ameneyu ndi katswiri. Mu 2014 analandira mphoto ya Africa Movie Academy Awards. Nkhanza zijazi n'zapakanema chabe, munthuyu ndi wopemphera, amalalikira ndithu. Ndinaona kuti mumafanana kukongola."

"Ooh, kukongola."

Sananenenso kanthu. Madzulo anandiletsa kulowa kukhitchini, ati ndapuma lero. Anaphika okha nkhuku, anatseka chitseko pophikapo. Amuna anga ndi ana anawapakulira m'mbale imodzi, ine yangayanga, yovundikira bwinobwino. Anaiika patsogolo panga ndi manja awiri, n'kukhala moyang'anizana nane, dzanja lili pachibwano.

"Idya mwananga. Ndakupatsa nthutumba."

Amuna anga, omwe sankadziwa kalikonse, anati, "Koma amayi amakukondatu iwe."

Ndinapempherera chakudyacho nthawi yaitali mpaka nsima inayamba kuzizira. Mbamu iliyonse ndikameza ndinkadikira kaye kuti ndimve ngati m'mimba mwayamba kupota. Iwo diso lili pa ine, akumwetulira pang'onopang'ono.

Nditamaliza anatenga mbale n'kufunsa, "Wamva bwanji m'thupi?"

Usiku umenewo ndinagona nditavala, buku lakuchipatala lili pansi pa pilo.