Sukulu ya palliative yatha, ndiloleni ndithokoze

Abale anga zotsatira zatuluka, ndakhoza. MPhil (digiri ya masitazi) ya Palliative Medicine, maphunziro a chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda aakulu osachiritsika, ku University of Cape Town ija yatheka ndithu. Ndinati ndingoika chithunzi cha gawuni nkulemba kuti Mulungu ndi wabwino basi, koma mtima wakana, pali anthu ambiri amene andinyamula zaka zimenezi ndipo ambiri mwa iwo sadzaoneka pa chithunzi chilichonse. Nde mundipirire, uthengawu utalikako.

Mulungu ndi wabwinodi, ndiyambire pamenepo, chifukwa kuphunzira uku ukugwira ntchito pachipatala cha boma, uku uli ndi ana ang'onoang'ono, fizi ikufunika mu marandi pomwe ndalama zakunja zikusowa mdziko, sizinali za mphamvu zanga.

Ambiri mwakhala mukundifunsa, ena pamaso ena kumbali, kuti dokotala wabwinobwino bwanji osakaphunzira za opaleshoni kapena za amayi oyembekezera, nkumakalimbana ndi anthu oti matenda awo sachira. Amalume anga anafunsa kangapo ndipo sindiwadandaula, ankandifunira zabwino. Yankho langa lili mu wodi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo amayi ambiri amatipeza mochedwa, magazi akhala akutuluka kwa miyezi, apita kwa asing'anga, apita kumapemphero, ndalama ya thiransipoti inali yosowa. Abambo a khansa ya kummero amafika oti olo phala lamadzimadzi silikutsika. Kuli khansa ya pakhungu ya Kaposi, kuli a mtima, a impso, a sitiroko. Ku sukulu ya udokotala timaphunzira kwambiri kuchiza, nde zikafika poti kuchiza sikutheka mawu amatithera, munthu amalemberedwa m'buku lake lakuchipatala nkuuzidwa kuti palibenso chomwe tingachite, pitani kunyumba. Amapita ndi panado, ululu wake uli pomwepo, abale ake osauzidwa chimene chikubwera. Mawu amenewo oti palibenso chochita ndi amene ananditumiza ku sukulu, chifukwa si oona. Chochita chimakhalapo chambiri mpaka tsiku lomaliza, kungoti chimafuna kuphunzira ngati mmene opaleshoni imafunira kuphunzira.

Nde oyamba kuwathokoza ndi manesi ndi ma clinical officer. Ntchito imeneyi kuno kwathu ndi inu amene mwaigwira zaka zonsezi madokotala tisanadzuke. Asisita amene munandiphunzitsa kupera mapiritsi a metronidazole nkuwaza pabala lonunkha, ndikukuthokozani kuchokera pansi pamtima. Kanthu kotchipa ngati kameneko, koma fungo likachepa mayi amene ana ake anasiya kulowa m'chipinda mwake amayambiranso kudya ndi anthu. Munandiphunzitsanso kukhala pansi polankhula ndi wodwala osati kuimirira kumapazi kwa bedi faelo ili m'manja. Ndinakapeza zomwezo m'mabuku ku Cape Town koma ndinali nditaziona kale kwa inu.

Zikomo a makiliniki a palliative care a Tiyanjane ndi Umodzi ku Queens, amene mwakhala mukusamala akuluakulu ndi ana kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene Edzi inkatenga anthu tsiku ndi tsiku ma ARV asanafike kwa aliyense. Zikomo a Ndi Moyo ku Salima, malo amene mayi Lucy Finch, namwino, anatsegula mu 2007, mwaonetsa kuti ntchitoyi itha kugwirika mwaulemu kutali ndi mzinda waukulu. Zikomo a PACAM, bungwe la palliative care m'Malawi muno, amene chiyambire 2005 mwakhala mukugogoda zitseko za boma, ndipo mu 2014 dziko lathu linakhala ndi ndondomeko yakeyake ya palliative care, chaka chomwecho chimene msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti chisamaliro chimenechi chikhale mbali ya ntchito zaumoyo m'mayiko onse. Ife obwera pambuyo tikuyenda mnjira yolambulidwa kale.

Aphunzitsi anga ku Cape Town, mwina simuwerenga Chichewa koma wina akumasulirani. Munandichotsa mantha a morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu. Izi ndizinene momveka chifukwa mantha amenewa ali ponseponse, kwa abale a odwala komanso kwa ife azachipatala, ati morphine ndi mankhwala omalizitsa munthu, ati akayamba sasiya. Ayi. Morphine wamadzi uja akaperekedwa moyenera, kuyamba pang'ono nkumakweza molingana ndi ululu, maola 4 aliwonse osadikira kuti munthu ayambe wabuula kaye, amamubwezera munthu tulo, amamubwezera chilakolako cha chakudya, ena mpaka amadzuka nkukaona kumunda. Chimene chimavuta ndi kudzimbidwa, nde timapereka limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba kuyambira tsiku loyamba lomwelo. WHO inatulutsa makwerero a mankhwala a ululu wa khansa kalekale mu 1986, kuyambira panado mpaka morphine, koma mpaka lero anthu akumwalirabe akukuwa pomwe botolo lake silodula nkomwe. Pamenepa ndimakumbukira malemu Dr Anne Merriman amene anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 nkufalitsa njira yosungunula morphine waufa m'madzi kuti akhale wotchipa komanso woti munthu amwere kunyumba kwake. Ku Uganda komweko mu 2004 analola manesi ndi ma clinical officer ophunzitsidwa bwino kulembera odwala morphine, chifukwa kudikira dokotala kumudzi nkudikira munthu amene sabwera. Ifenso tapindula ndi nzeru zimenezo.

Koma phunziro limene linandivuta kwambiri silinali la mankhwala, linali la kulankhula. Kumuuza munthu zoona. Kwathu kuno abale amakukokera pakhonde nkukupempha kuti adokotala chonde musawauze, akamva afooka. Amatero chifukwa cha chikondi, ndipo sindinaphunzire kuwakankhira kumbali ayi, ndinaphunzira kukhala nawo pansi, kufunsa wodwalayo kuti iye akudziwa zotani ndipo akufuna kudziwa mpaka pati, nkumapita pang'onopang'ono. Nthawi zambiri mwini wake amakhala akudziwa kale, akungowasungira anawo mtima, iwonso akumusungira mtima, aliyense akulira payekha. Ndipo kubisa kuli ndi mtengo wake, banja limagulitsa mbuzi, njinga, mpaka munda kuthamangira machiritso amene kulibe, maliro akadzachitika ana atsala opanda chogwira. Munthu akadziwa amakonza zinthu zake, amanena za ana, za malo, amaitana m'bale amene anayambana naye kalekale. Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, yemwe anayamba ngati nesi asanakhale dokotala, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu sukhala wa mthupi mokha, umakhalanso wa maganizo, wa pabanja ndi wa uzimu. Mayi amene sakugona chifukwa sakudziwa kuti mwana wake wa folomu 2 adzamulipirira ndani, olo mutakweza morphine bwanji sagonabe. Ku UK ntchitoyi inavomerezedwa ngati ukatswiri wapadera wa madokotala mu 1987, ife tikuyamba kumene kukhala ndi madokotala ake, koma tiyamba basi.

Tsopano inu magadiyani. Amayi, azakhali, atsikana amene munasiya sukulu kaye kuti mudikirire agogo, inu ogona pansi pa simenti pafupi ndi bedi, ophika kukhitchini ya magadiyani utsi uli m'maso, ochapa nsalu zamagazi m'bandakucha anthu asanadzuke. Kafukufuku wanga anali wa inu, ndipo munandilola kulowa m'nyumba zanu nthawi yovuta, mukundiyalira mphasa, ena mpaka kundiphikira chikhalirecho ufa unali wotsala pang'ono. Munandiuza zinthu zoti simunauzepo munthu, zotopa, zokwiya, zoopa kupereka mankhwala usiku muli nokha. Sinditchula dzina la wina aliyense monga ndinalonjezera, koma dziwani kuti digiri imeneyi muli inu. Odwala anga amene munatsogola pepalali lisanatuluke, ndi ambiri, mizimu yanu iuse mumtendere. Abale awo amene mumandiimbirabe foni maliro atapita kale kungofuna kundipatsa moni, simudziwa mmene zimandilimbitsira.

Anzanga akuntchito amene munkanditengera ma call ndikapita ku Cape Town kapena asayinimenti ikandipanikiza, inunso muli otopa kale, odwala ali mzere mpaka panja, zikomo. A ku famase amene munkandiimbira morphine akatsala pang'ono kuti tiyambe kusaka msanga asanathe, zikomo. Ma HSA ndi mavolontiya a m'midzi amene mumadziwa khomo lililonse, mumatitsogolera pa njinga mvula ikugwa, adiraiva a ambulansi, oyeretsa mu wodi amene nthawi zina ndi inu oyamba kuona kuti wodwala wasintha, nonse zikomo. Abusa, ansembe ndi mashehe amene mumabwera tikakuitanani osayamba mwafunsa kuti wodwalayo amapemphera kuti, Mulungu akuonjezereni.

Amalawi a ku Cape Town, eee, munandilandira ngati mwana wanu. Munthu sindikukudziwani, ndangopatsidwa nambala ndi mnzanga, koma munandichingamira, munandigoneka, munandiphikira nsima ndi usipa woti munautenga kumudzi nkumausunga mosamala, munandionetsa takisi yokwera ndi malo osayenera kuyenda kukada. Ambiri mwa inu mumagwira ntchito zolemetsa za m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ya anthu, koma simunalandire olo kakhobidi kanga. Amayi a banki mkhonde yathu amene munandikongoza nthawi imene fizi inatsala pang'ono kunditulutsa, ngongole ndinabweza koma chifundo chija sindingabweze.

Kunyumba. Bambo a ana anga, munasambitsa ana, munawaperekeza kusukulu, munkandiyatsira tochi ya pafoni magetsi akathima laputopu ili pafupi kuzima, munagula mabandulo osawerengeka osadandaula, ndipo masiku amene ndinkafika ndikulira chifukwa wodwala amene ndinamuzolowera wapita munkangokhala nane osandiuza kuti ndisiye ntchito imeneyi. Amayi anga munasiya munda wanu nkudzakhala ndi zidzukulu, apongozi anga munkatumiza ufa ndi nyemba, Ambuye akusungeni. Ana anga, amami amaliza homuweki yawo tsopano, Loweruka ndi lanu.

Kwa madokotala achichepere amene muli pa internship kapena mukumaliza ku KUHeS, ganizirani mbali imeneyi. Siyopatsa ndalama zambiri, sindikunamizani, ndipo pamakhala masiku olemera, koma ndi udokotala weniweni wofuna mutu, kuwerengera madozi, kudziwa mankhwala oyenera impso zikafooka, kudziwa nthawi yosiya kubaya munthu majakisoni osamuthandiza. Amene mukufuna kudziwa mmene ndinalemberera sukuluyi ndilembereni ku inbox, ndikuyankhani mmodzimmodzi. Ndipo inu amene muli ndi wodwala kunyumba amene akubuula usiku, musakhale chete, pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse za kiliniki ya palliative care, tengani buku lake lakuchipatala, ngati sangathe kuyenda kafotokozeni inuyo. Musadikire kuti afike pothera, chisamalirochi chimayamba msanga ndipo chimayendera limodzi ndi mankhwala ena onse amene akulandira.

Lamulungu likubwerali tikatuluka ku tchalitchi tikhala ndi mapemphero othokoza kunyumba, amene muli pafupi bwerani, simukufunika kadi. Amene ndakuiwalani kukutchulani mundikhululukire, mundikumbutse m'makomenti ndikuthokozeni pamaso pa anthu. Zikomo kwambiri nonse.