Katemera wa chikuku sabweretsa autism

Ma voice note akuzungulira pa WhatsApp aja, oti katemera wa chikuku amasokoneza ubongo wa mwana mpaka kumupatsa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anzake), akundiwawa kwambiri chifukwa azimayi anzanga ena ayamba kujomba kusikelo mwana akangokwana miyezi 9.

Nkhaniyitu inayambira ku Britain mu 1998. Dokotala wina, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya The Lancet mokhala ngati katemera wa MMR (woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella) akukhudzana ndi autism, koma ana amene anawayeza anali 12 basi. Kenako zinaululika kuti mkuluyu ankalandira ndalama kwa maloya omwe ankafuna kusumira makampani a katemera, ndiye mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhani ija, iyenso anamuletsa kugwira ntchito ya udokotala. Ku Denmark anatsatira ana opitirira 650,000, zotsatira zinatuluka mu 2019, katemerayu sanawonjezere autism olo pang'ono.

Mantha akewo ine ndimawamvetsa ndithu. Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana ali pakati pa chaka ndi zaka ziwiri, ukamuitana dzina sacheuka, sakuyang'ana m'maso, timawu tija anayamba kutchula wasiya, ndipo nthawi yake ndi yomwe wangobayitsa kumene katemera wachiwiri wa chikuku, wa miyezi 15 uja, ndiye mayi angaleke bwanji kuganizira jakisoni? Komatu autism imayamba kale ubongo ukukula, ndipo nthawi zambiri ndi yotengera kumtundu. Zimene katemera amachita timazidziwa, kutentha thupi ndi kutupa pobayapo, masiku ochepa zatha.

Chikuku ndiye sichinyengerera. Mu 2010 kuno ku Malawi chinagwira anthu opitirira 130,000, oposa 300 anamwalira. Chimabweretsa chibayo, ana ena chimawasiya akhungu.

Koma amene ndimamuganizira kwambiri ndi mayi wa mwana wa autism. Apongozi akuti analodzedwa, aneba akunong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti geni iziyenda, lero ifenso tikumuuza kuti walakwa yekha pomubayitsa. Ayi abale, mayiyo sanalakwe chilichonse, anachita zoyenera. Mwana wake akufunika kupita kuchipatala msanga akamuone bwinobwino ndi kuyamba kumuthandiza kulankhula ndi kusewera ndi anzake. Ndipo ngati wanu anaphonya katemera, tengani kabuku kake mukaonane ndi alangizi a zaumoyo, amabaya ngakhale tsiku litadutsa.