Netiweki yathu ya ku Angónia ndi usiku umene hub inatigwetsa

Bizinesi yathu inayambira m'kachipinda kamodzi pa Vila Ulongue, ku Angónia m'dziko la Mozambique, ine ndi alamu anga. Tinkachita fotokope ndi kulembera anthu makalata pa kompyuta. Makasitomala ambiri anali ogulitsa mbatata ya kachewere, feteleza ndi zovala, ndipo pafupifupi aliyense ankafunsa funso limodzi: "Kodi intaneti yanuyi singafike ku loja kwanga?" Funso limeneli ndilo linatikwezetsa mlongoti woyamba.

Waya wa Ethernet, wolumikizira makompyuta, sudutsa mamita 100, choncho kuti tifike kutali tinagula timawailesi ta 5 GHz timene amati bridge. Timakhala tiwiri, tina kuno tina uko, toyang'anizana, ndipo timalumikiza mbali ziwirizo ngati kuti pakati padutsa waya. Bridge imaloweza adiresi ya MAC (nambala yozindikirira chipangizo) ya chipangizo chilichonse ndi mbali imene chili, n'kumangoolotsa uthenga woyenera kuoloka. Chimene imafuna n'kuonana ndi inzake popanda chotchinga. Pamenepa dziko la Angónia limatikomera, chifukwa ndi lokwera ndipo mapiri alipo. Tinapempha malo paphiri lina kwa amfumu, tinaikapo sola ndi batire, n'kuyamba kutumiza intaneti cha ku Dómuè, kenako cha ku Calómuè kumalire ndi Dedza.

Malo akachuluka sungamapite paliponse. Msewu wafumbi nthawi ya dzinja umasanduka phala, ndipo mafuta a njinga yamoto amadya phindu lonse. N'chifukwa chake tinaphunzira kuyang'anira zipangizo tili pa ofesi. Rauta yathu, chipangizo chogawa intaneti, ndi ya MikroTik, timalowamo ndi pulogalamu ya Winbox, ndipo ndikakhala paulendo ndimadzera pa njira yotetezedwa ya WireGuard kuti khomo lisakhale lotsegukira aliyense. Ndinkanyada nazo kwambiri, kukhala pa mpando ku Ulongue n'kumaona mphamvu ya siginala paphiri.

Phunziro loyamba linali lowawa koma lalifupi. Ndinasintha adiresi ya IP, imene timaifikira nayo pa netiweki, ya bridge yakutali ndisanakonze mbali ya kuno, ndipo nditangodina, chipangizocho chinasowa. Chinali chamoyo, makasitomala ankalandira intaneti, koma ine njira yolowera ndinaitseka ndekha. Ndinakwera phiri mawa lake ndi laputopu m'chikwama. Kuchokera tsiku limenelo sindikhudza rauta yakutali ndisanayatse Safe Mode, imene imabweza zonse mmene zinalili ngati kulumikizana kwaduka. Pa timawailesi ta Ubiquiti ndimadina Test m'malo mwa Apply, chifukwa ukapanda kutsimikizira pa mphindi zitatu chipangizo chimabwerera chokha. Ndipo ndimayamba kusintha cha kutali kwambiri, n'kumabwerera kuno.

Koma nkhani imene ndikufuna kufotokoza ndi ya hub, kabokosi kokhala ndi mabowo olowetsamo mawaya a netiweki.

Unali usiku wa mvula, nyengo imene chimanga chimakhala chikumasula. Foni inayamba kulira, wina atadula wina n'kuimba. Intaneti yazima ku Dómuè, yazima ku Calómuè, ngakhale pa ofesi pathu penipeni ikukwawa. Ndinaganiza za mphezi, chifukwa kuno imatiwonongera zinthu chaka ndi chaka. Ndinayesa ping, lamulo lofunsa ngati chipangizo chikuyankha, mayankho ankabwera amodziamodzi, ambiri n'kumatayika. Winbox inkatseguka n'kutsekeka. Nditakwanitsa kulowa pogwiritsa ntchito adiresi ya MAC, ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: purosesa ya rauta yadzaza, ndipo adiresi imodzi ya MAC ikuoneka pa doko (bowo lolowetsamo waya) ili, kamphindi pa doko lina, n'kubwereranso. Chipangizo chimodzi sichingakhale malo awiri. Pamenepo ndinadziwa kuti penapake uthenga ukuzungulira.

Vuto lake ndi ili. Uthenga wa Ethernet ulibe choulepheretsa kuyenda mpaka kalekale. Ukapeza njira yozungulira, uthenga wopita kwa onse umangobwerezedwa ndi kuchulukana mpaka netiweki yonse itatsamwa. Ndipo popeza ma bridge athu onse anali pa netiweki imodzi yosagawa, moto wa nyumba imodzi unagwira mudzi wonse. Choipitsitsa n'chakuti njira imene ndinkafuna kudzera pokazimitsa motowo inali yomweyo imene inkapsa.

Ndinayamba kutseka madoko limodzilimodzi. Nditatseka lopita ku msika wina, zonse zinakhala bata nthawi yomweyo. Kumeneko kuli amayi ena achikulire amene amasunga zipangizo zathu m'sitolo mwawo. Ndinawaimbira ngakhale kunali kutada.

"Pepani amayi, ndakudzutsani. Taonani pa shelefu paja, pali chachilendo?"

"Mwana wanga, mdzukulu wanga anabweretsa kabokosi kena masana. Akuti mabowo anachepa."

"Magetsi ake akuphethira bwanji?"

"Sakuphethira ayi. Angoyaka onse, ngati maso a mphaka."

Kanali ka hub kakale, ka 10 Mbps, kochokera mu ofesi ina imene inataya katundu wake. Mnyamatayo sanalakwe mwadala. Anaona waya ukulendewera, n'kuulowetsa m'bowo lopanda kanthu, osadziwa kuti mbali ina ya wayayo inali kale mu switch yathu, bokosi lathu logawira mawaya limene hubyo inali italumikizidwako kale. Hub siganiza. Chilichonse cholowa pa doko limodzi imachitulutsira pa madoko ena onse, ilibe adiresi ya IP, sungailowe, sungaifunse kanthu, ndipo pa kompyuta yanga sinkaoneka n'komwe. Zida zanga zonse zinandifikitsa pa doko la rauta basi. Kupitirira apo, amene anaona vutolo ndi amayi aja ndi tochi ya foni yawo. Anazula waya umodzi, ndinatsegula doko, anthu n'kugona.

Mlandu unali wanga. Njira yoteteza zimenezi inalipo kalekale. Radia Perlman anapanga Spanning Tree mu 1985, ndipo mtundu wake wofulumira, RSTP, unabwera mu 2001. Ntchito yake n'kuzindikira njira yozungulira ndi kutseka doko limodzi. Ine ndinali nditaizimitsa pamene ndinkafufuza vuto lina, osaibwezeretsa. Sabata imeneyo ndinaiyatsa paliponse, ndinagawa netiweki kuti dera lililonse likhale ndi VLAN yake, kutanthauza chigawo chakechake, ndipo njira yoyang'anira zipangizo ndinaipatula kwa makasitomala. Madoko osagwira ntchito ndinawatseka, ena tinachita kuwamata ndi tepi.

Zina zimene zimativuta n'zodziwika. Mitengo ya bulugamu imakula n'kutchinga siginala pang'onopang'ono, batire limafooka kukachita mitambo masiku atatu, ndipo timawailesi tina timafuna PoE (magetsi odzera mu waya wa Ethernet) ya mavoti 24 pamene tina timafuna 48, ukasokoneza ukhoza kuwotcha chipangizo. Pa chilichonse tinayatsa watchdog kuti chikasiya kumva rauta chizidziyambitsanso chokha.

Chimene chinasintha kwambiri ndi mmene timakhalira ndi anthu osunga zipangizo. Kale tinkangowauza kuti asakhudze kanthu, ndipo ndikuona kuti kumeneko kunali kuwapeputsa. Tsopano pamalo aliponse timakhala pansi ndi mwini nyumba ndi ana ake, kuwaonetsa waya wochokera kumlongoti, waya wa magetsi, ndi tanthauzo la nyale iliyonse. Mawaya tinawalemba manambala ndi penti. Pakhoma timamata pepala la Chichewa, chifukwa la Chipwitikizi ena ankangoliyang'ana. Pakutha pa mwezi timawatumizira kangachepe pa M-Pesa, ndi mayunitsi oti azitiimbira.

Mdzukulu uja ndiye amene tsopano amakwera nane mlongoti. Waphunzira kumanga mitu ya mawaya, ndipo akudziwa kusiyanitsa hub ndi switch pongoyang'ana. Mwezi wamawa tikupita naye cha ku Tsangano kukaona phiri lina, ngati lingaonane ndi lathu. Ka hub kaja agogo ake anakana kuti tikataye. Anakaika pamwamba pa kabati m'sitolo, mawaya onse atachotsa.