Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mmene Joni inanditsekera pakamwa

Gawo lapita lija tinasiyana pa Park Station, ine nditatsika basi miyendo itatupa ngati zitsa, masiku awiri ndili pa mpando kuchokera pa Wenela ku Blantyre, Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, kenako mzere wa pa Beitbridge uja ndinakuuzani kuti sindidzauiwala. Munali mu May 2016. Lero ndikufuna ndikambe za miyezi yoyambirira, osati za nyumba zitalizitali zomwe aliyense amajambulitsapo n'kutumiza kumudzi ayi, koma za pakamwa pangapa.

Amene mumandidziwa kwathu ku Balaka mukudziwa kuti ine kulongolola ndinabadwa nako. Kusukulu ankanditchula wailesi. Ndikakwera minibasi, tisanafike pa Liwonde ndimakhala nditadziwa kale kuti amene ndakhala nayeyo akupita ku maliro a ndani, fetereza wagula matumba angati, amasapota Bullets kapena Noma. Nde munthu wotereyo ndi amene msuweni wanga anabwera kudzamutenga pa siteshoni, ndipo tisanatuluke n'komwe panja anandigwira pa mkono. "Asuweni, kuno si ku Balaka. Mu thekisi foni ikaitana muzidula. Wina akakufunsani kanthu ingogwedezani mutu. Pakamwa panupo ndi pomwe padzakugulitseni." Ndinaseka, poti pachisuweni timanyozana chiyambire tili ana, ndimayesa zocheza. Iye sanaseke.

Tinkakhala ku Diepsloot, mu mkhukhu wa malata, amuna anayi, bedi limodzi ndi matiresi awiri omwe masana tinkawaimika kukhoma kuti papezeke poponda. Nyumba yomwe msuweni ankajambulitsapo pa Facebook ija, ya geti lakuda ndi maluwa, inali ya abwana ake kkkk. Sindinamufunse, nayenso sanafotokoze, patatha miyezi iwiri nanenso ndinakajambulitsa pa geti lomwelo.

Kuzizira ndiye musanene. Ine mwana wa ku Balaka, kotentha kuja, ndinkati ndikamva anthu akudandaula za Dedza ndimaona ngati akuwonjeza. Joni ili pamwamba kuposa Dedza, mamita oposa 1,700, ndipo June ndi July kumachita kulasa mafupa. Usiku mpweya wathu womwe umakakamira ku malata, m'mawa nkumatidonthera kumaso ngati kwagwa mvula pomwe kunja kuli gwaa. Ukatuluka 5 koloko kapinga ali mbuu ngati wina wawazapo ufa. Tinkayatsa sitovu ya parafini kuti tiothe koma msuweni sankalola kuti tigone ikuyaka, akuti mkhukhu umodzi ukagwira moto mzere wonse umapita, ndipo ndinadzaona ndi maso anga kuti sankanama.

Ndinabwera ndikudzimva kuti chilankhulo ndikuchidziwako pang'ono. Agogo anga aamuna anagwirapo ku migodi nthawi ya Wenela, anabwerako ndi njinga, jekete lalikulu ndi wailesi, ndipo anasiya kupitako mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu. Mng'ono wawo ndiye sanabwerenso, anatchona. Agogowo akakhuta kachasu ankatikalipira m'chilankhulo cha ku mgodi, ife ana nkumaloweza. Tsiku lachitatu ndinayesa mawu amenewo pa sipaza, kagolosale ka m'dera, pogula buledi, mayi wogulitsayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi osayankha. Msuweni atamva anagwira m'mutu, akuti chimenecho ndi Fanakalo, cholankhula akapitawo polamula antchito, munthu wa kuno ukamulankhula choncho amamva ngati ukumutenga wantchito wako. Basi, ka Chizulu ka agogo kanathera pomwepo.

Tsopano nkhani ya thekisi, yomwe mpaka lero ndikaikumbuka m'manja mumatuluka thukuta. Kwathu minibasi ili ndi kondakitala, amakuwa yekha kuti Limbe Limbe, amakukoka, amatolera ndalama, mukakangana za chenji mumakangana ndi iyeyo. Kuno kulibe zimenezo. Umaima m'mbali mwa msewu n'kulankhula ndi chala, kuloza m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, kuloza pansi ndiye kuti ukutsikira konkuno pafupi, ndipo dera lililonse lili ndi chizindikiro chake, cha ku Orange Farm umachita ngati wanyamula lalanje m'manja. Izi msuweni anandiphunzitsa bwinobwino. Anandiphunzitsanso potsika, kuti umangoti "after robot" kapena "short left", mawu awiri basi, mwachangu, osakweza kwambiri. Chomwe anaiwala kundiuza ndi cha mpando wakutsogolo.

Linali tsiku loyamba kuyenda ndekha, ndikupita ku Randburg komwe ndinamva kuti kuli ganyu. Thekisi itaima ndinaona mpando wa pafupi ndi dalaivala uli wopanda munthu pomwe ena akupanikizana kumbuyo, mumtima ndinati anthu a kuno ndi opusa bwanji, kwathu mpando umenewu timalimbirana. Ndinakhala ngati bwana, miyendo tambalale. Titangoyenda pang'ono wina anandigunda pa phewa, kutembenuka ndikuona dzanja lili ndi R100, mawu akuti "four". Ndisanamvetse, lina R50, "three". Lina R20, "one". Ndalama zasiliva zikubwera, mapepala akubwera, onse akundipatsa ine. Ndinayang'ana dalaivala kuti mwina alandira, iye maso ali pa msewu, chala chikungogogoda chiwongolero motsatira nyimbo. Apa mpamene ndinazindikira kuti wokhala kutsogolo ndiye kondakitala, amawerenga ndalama za anthu onse 15, kubweza chenji mzere ndi mzere, n'kupereka kwa dalaivala zokwanira ndendende.

Mtengo unali R13. Anthu inu, masamu ndinakhoza pa Fomu 4, koma 13 kuchulukitsa ndi 4 kuchotsera pa 100 galimoto ikuthamanga, ndalama zoti sunazizolowere nkhope, R2 ndi R1 zikuoneka zofanana, kumbuyo anthu ayamba kale kufunsa chenji chawo m'chilankhulo choti sukumva, mutu umaima. Ndinabweza 48 kwa a R50 aja m'malo mwa a R100. Kumbuyo kunabuka phokoso. Ndikanakhala kwathu ndikanangotembenuka n'kuti pepani akuluakulu, tiyeni tiyambirenso, anapereka handiredi ndani, anthu n'kuseka nkhani n'kutha. Koma mawu a msuweni anali m'khutu, pakamwa panupo. Nde ndinangokhala duu, ndalama zili m'manja onse awiri, zina zagwera pansi pa mpando.

Dalaivala anatenga zomwe ndinamupatsa, anawerenga ndi dzanja limodzi, anakhotera pambali n'kuzimitsa galimoto. "Imali iyashoda." Amenewo ndi mawu a Chizulu oyamba omwe ndinawamva popanda womasulira. Anatsamira mpando, manja pachifuwa, kusonyeza kuti sitichoka mpaka ndalama itakwana, ndipo anthu akuchedwa kuntchito, maso onse ali pa nkhongo yanga ndimachita kuwamva kutentha. Bambo wina kumbuyo anafunsa mokweza funso lomwe ndinamvamo mawu amodzi okha, kwerekwere, dzina lonyozera alendo. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa R50 yomwe inali ya nkhomaliro ndi yobwerera, ndinapereka. Dalaivala anatengapo yake, yotsalayo inapita kumbuyo, sindikudziwa kuti inathera mwa ndani, galimoto inalira. Madzulo ake ndinayenda wapansi mtunda wautali ndithu mpaka mnyamata wina wa ku Mangochi yemwe tinagwira limodzi ganyuyo anandibwereka ya thekisi.

Nditafotokoza kunyumba anzanga aja anaseka mpaka wina kutsamwa nsima, aliyense anali ndi nkhani yake ya mpando umenewo. Koma kuseka kutatha msuweni anandiuza chifukwa chomwe amaumirira zotseka pakamwa. Iye analipo mu May 2008 pamene zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira, anthu 62 anafa. Akuti masiku amenewo ankakuimitsa pa msewu, kukulozera chigongono n'kukufunsa kuti ichi m'Chizulu n'chiyani, ukalephera basi wadziwika. Usiku umenewo anandiloweza mawuwo ngati mwana wa Sitandade 1, indololwane, indololwane, mpaka lilime linazolowera. Ndipo chaka chimodzi chokha ndisanafike, mu April 2015, zinachitikanso ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Sindikunena kuti anthu a kuno onse ndi otero ayi, mayi wa pa sipaza uja anadzakhala ngati mayi anga, ankandikongoza buledi mwezi ukafika pakati. Koma mantha safunsa kuti uyu ndi wabwino kapena ayi, umangokhala chete kwa onse.

Chomwe chimandiseketsa mpaka pano n'chakuti Umalawi womwewo umene tinkaubisa mu thekisi ndi umene tinkagulitsa pa geti. M'mawa timakaima pafupi ndi sitolo ya zomangira, aliyense ndi kachikatoni kake kolemba ntchito yomwe amadziwa, wopenta, woika matailosi, wa mapaipi. Ine ndinalibe luso lililonse nde msuweni anandilembera mawu awiri okha, Malawian gardener. Ndinamufunsa kuti asuweni, dzulo mumati ndibise, lero mukundilemba pachifuwa? Anati mabwana a kuno akamva Mmalawi amati ndi wokhulupirika, saba, sayankha. Sayankha. Ndi mmene ndinapezera adona ena ku Fourways, masiku awiri pa sabata, kutchetcha kapinga ndi mashini omwe ndinanama kuti ndimawadziwa, kusesa masamba, kutsuka damu losambiramo, kutola za agalu. Agalu awiriwo anali ndi dokotala wawo komanso mabulangete, ine ndikugona ndi jekete. Adonawo akabwera alendo ankandionetsa, uyu ndi wa ku Malawi, anthu abwino kwambiri, ofatsa. Ine nkumamwetulira, yes madam. Wailesi ya ku Balaka imeneyo. Ndikaweruka chikatoni chija ndimachipinda bwinobwino zolembazo zili mkati, n'kuchilowetsa pansi pa chikwama ndisanakwere thekisi.

Pa nthawi yomweyo masiku anali akutha. Pa Beitbridge amatidindira masiku 30 basi, ndipo kuyambira 2014 ukapitirira amakuletsa kulowanso, chaka chimodzi ngati wapitirira pang'ono, zaka zisanu ngati wapyola mwezi. Ndinkatsegula pasipoti usiku uliwonse kuyang'ana chidindo chija ngati deti isintha. Tsiku la 30 ndinali ndi R400 m'thumba, ngongole ya basi yomwe inandibweretsa kuno ndisanabweze kwa amalume, nde ndibwerere ndi chiyani, ndikawauze chiyani? Ndinaika pasipoti mu pulasitiki n'kuilowetsa pansi pa matiresi. Kuyambira tsiku limenelo dzina loti Lindela, malo aja a ku Krugersdorp komwe amasungirako anthu oti abwezedwe kwawo, linasiya kukhala nkhani ya anthu ena. Ukaona galimoto ya apolisi sumathamanga, sumayang'ana pansi, umayenda ngati kwanu ndi konkuno, pakamwa potseka.

Lamulungu lokha ndi lomwe linkandipulumutsa. Tikatuluka ku tchalitchi timasonkhana kwa mkulu wina wa ku Mzimba yemwe anali ndi chipinda cha njerwa, ma transporter akabwera ndi usipa, mpunga wa Kilombero ndi Nali timasonkherana, nsima ya White Star yophikidwa ndi mthiko wochokera kumudzi, chitseko chotseka. Mmenemo ndimalankhula ngati ndalipidwa, za mpira, za ndale, za mvula ya kumudzi, zoona ndi zabodza zomwe, Chichewa, Chiyao, Chitumbuka zonse phatikizo, mpaka mawu kusasa. Anzanga ankati asuweni ako awa amasunga mawu sabata yonse ngati ndalama ya chipereganyu. Pomwepo mpomwe timasonkhanso za maliro, Mmalawi akamwalira kuno thupi kuti likafike kumudzi ndi ndalama zambiri, nde aliyense amaponya kangachepe podziwa kuti mawa ndi iye. Mwezi ukatha ndimatumiza pa Mukuru, amayi nkuimba kuthokoza, kenako nkuti mwanawe ukumveka wofatsa masiku ano, Joni yakuphunzitsa ulemu eti. Ndimangoti eya amayi.

Patatha chaka ndi theka ndinali nditazolowera, Chizulu cha mu thekisi ndikuchitha, mpando wakutsogolo ndikuuthawabe koma ndikaukhala chenji chimatuluka bwinobwino. Tsiku lina m'mawa ndili mzere wachiwiri, anakwera mnyamata wovala jekete lalikulu loti si lake, anathamangira kutsogolo mosangalala. Ndalama zitayamba kumufikira ndinaona khosi lake likuuma. Anawerenga, anabwerezanso, R5 inagwa, ndipo powerama kuti aitole ndinamva akunong'ona yekha, mayo ine. Ndinali kumbuyo kwake kwenikweni, moti ndikanangosendera pang'ono n'kumuuza kukhutu kuti aise, bweza 11 mzere wachitatu, palibe akanamva. Pambali panga panali amuna awiri omwe ankakamba mokweza za alendo omwe akutha ntchito. Ndinayang'ana pa windo. Anamuthandiza ndi gogo wina wa Chizulu, anamulanda ndalama zonse n'kuwerenga yekha akumukalipira ngati mdzukulu wake. Mnyamatayo anatsikira pa maloboti a ku Fourways, ine ndinapitirira, sindinamuonenso.

Gawo likubwerali ndidzakamba za foni yomwe inabwera 2 koloko usiku kuti amayi awagoneka ku chipatala, ine pasipoti ili pansi pa matiresi, masiku anatha kalekale.